Ngowe Namba Folo

Pa fakitale ya mapaipi a simenti panalibe munthu amene ankawaitana dzina lawo lenileni. Onse ankangoti a Ziro. Ngakhale akazi awo, akapsa mtima, ankati, "Inu a Ziro inu, makutu munasiya kuntchito kodi?" Dzinali linachokera pa mawu amene bambowa ankanena kangapo patsiku kwa zaka makumi atatu ndi zinayi, oti, "Tiyambe pa ziro." Akamayeza chitsulo, tiyambe pa ziro. Anthu awiri akagwirana m'makolala pa geti, tiyambe pa ziro. Mwana akabwera atalephera mayeso, mamina ali chuchuchu, iwo ankangoti, "Pukuta nkhope, tiyambe pa ziro." Anthu ankawakonda nawo mawuwa, poti ankamveka ngati a munthu wosasunga chakukhosi.

Ntchito yawo inali yoyeza zitsulo zonyamulira katundu. Kachipinda kawo kanali kuseri kwa shedi yaikulu, ka zenera limodzi loyang'ana pa mulu wa mchenga. Munali tebulo lachitsulo, mpando wamiyendo itatu ndi kabati yodzaza makope achikuto chakuda. Fumbi la simenti linkalowa paliponse, m'makutu, m'tiyi, mpaka m'thumba la malaya, koma pa tebulo limenelo silinkagona. Mapaipi a pamenepo si amasewera ayi, ndi aja oti munthu wamkulu n'kuyendamo mowerama pang'ono. Ankanyamulidwa ndi makireni oyenda m'njanji zakudenga, ndipo kireni iliyonse inali ndi ngowe yake yokolera tcheni. Ngowe zimenezo ndiye zinali ana a a Ziro.

Miyezi itatu iliyonse ankayeza ngowe iliyonse, ndipo kayezedwe kake kanali kotere. Pakamwa pa ngowe ankamangirirapo kachipangizo kankhope yozungulira, kamene amisiri amangokatcha wotchi. Muvi wake umasuntha pakamwapo pakayasama ngakhale pang'ono ngati tsitsi. Ankapotoza nkhope ya wotchiyo mpaka muvi utaloza pa ziro, kenako kireni inkanyamula midadada yachitsulo yoyesera. Muvi unkayenda. Midadada ikatsitsidwa, muvi unkabwerera. Sunkafika pa ziro penipeni, pankatsala kanthu kosakwana kukhuthala kwa chikhadabo, koma malamulo ankalola kotsala kochepa chotero. A Ziro ankakalemba m'kope mosabisa, n'kusainira kuti ngowe ili bwino. Umu ndi mmene anawaphunzitsira mkulu amene anamupeza pa ntchitopo, ndipo iwo sanaphonyepo ngakhale kamodzi.

Kusamala kwawo kunali kopitirira muyezo. Malamulo ankati midadada yoyesera ikhale isanu, iwo ankaika isanu ndi umodzi. Anzawo akawaseka kuti akungovutitsa kireni, ankayankha kuti, "Isanuyo ndi ya kampani. Winawo ndi wa mtima wanga." Ankanyadira zimenezi, ndipo ndani akanawatsutsa? Munthu wowonjezera chenjezo sadzudzulidwa.

Kunyumba anali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi, amene anamutcha Injiniya asanayambe n'komwe sukulu, chifukwa ankamasula chilichonse chokhala ndi sikuluu. Ana a anthu ena ankamva nthano, uyu ankamva za zitsulo. Bambo ake ankatenga kawaya n'kumuuza kuti, "Taona, Injiniya. Chitsulo chili ndi makhalidwe awiri. Ukachikoka pang'ono chimatamuka ngati mpira wa legeni, ukachisiya chimabwerera. Koma chili ndi malire ake. Ukapyola malirewo, basi, pomwe wachipindira ndi pomwepo." Mwanayo ankapinda kawayako, maso ali tong'o. Amayi ake ankadandaula kuti m'nyumbamo simukhala supuni yowongoka.

Panalinso mng'ono wawo wa a Ziro, wa bere limodzi, amene iwo omwe anamupezera ntchito pa fakitalepo. Ameneyu ankayendetsa kireni namba folo. Anali munthu wamsangala, wa likhweru lomveka shedi yonse, ndipo za dzanja lake anthu ankachita kulumbira. Ankati akhoza kutsitsira paipi pa dzira osaliswa. Pa nthawi ya nkhomaliro abale awiriwa ankakhala pa thabwa limodzi kuseri kwa shedi, wamng'ono akulongolola, wamkulu akuseka chapansipansi.

Tsoka silinunkha. Lachiwiri lina m'mawa, zaka khumi ndi zitatu zapitazo, tcheni chinapulumuka pa ngowe ya namba folo paipi ili m'malere. Pansi pake panali wowotcherera zitsulo, bambo wa ana anayi, atavala chigoba chake kumaso. Sanaone n'komwe chimene chinamupha. Ngowe anaipeza itayasama kukamwa.

Mabwana anakhala pansi kuti apeze wolakwa, ndipo njira zinali ziwiri zokha. Kapena ngowe inali yotha kale, kapena woyendetsa anatsomphola katundu, ndiye kuti anamunyamula mwadzidzidzi mpaka chitsulo kugonja. Anaitana a Ziro ndi kope lawo. Iwo anatsegula tsamba n'kuwerenga kuti ngoweyo inayezedwa masabata atatu m'mbuyomo, ndi midadada isanu ndi umodzi, ndipo inabwerera.

Mng'ono wawo anaimirira. "Achimwene, ngowe ija inali itayasama kale. Ndakhala ndikuiona ndili m'mwambamo. Sindinatsomphole ine, achimwene."

"Maso ako si wotchi, mphwanga," anatero a Ziro, mabwana onse akumva. "Wotchi sinama."

Sananene mwankhanza ayi. Ananena mtima ukuwawa, ndipo atafika kunyumba analira ngati mwana. Koma mawu anali atatuluka, ndipo ndani akanakayika munthu wochitira umboni wotsutsa m'bale wake weniweni? Mng'ono uja anachotsedwa ntchito, chiphaso chake choyendetsera kireni chinalandidwa. Kundende sanapite, koma mwina kukanakhala bwino, poti ndende imakhala ndi tsiku lotuluka. Anayamba kumwa. Mkazi wake anatenga ana n'kubwerera kwawo. Pamapeto pake anakapezeka m'mbali mwa msewu, pafupi ndi ogulitsa matabwa a nyumba zogumula, akuwongola misomali yakale ndi hamala n'kumagulitsa. Abale aja anasiya kuyenderana. Akakumana pa maliro ankapatsana moni wa m'manja, aliyense maso ali kumbali.

Amati chibale ndi fupa, sichiola. Koma fupa limathyoka, abale inu. Zaka zonsezi a Ziro anayenda atanyamula chinthu cholemera pachifuwa, ndipo chimene chinkawaimika chinali chimodzi chokha: ananena zoona. M'bale anamutaya, inde, koma anamutaya chifukwa cha choonadi. Chimenecho mukanawachotsera, panalibenso chotsala.

Injiniya anakula n'kulikwaniritsa dzina lake. Anapita ku yunivesite, ndipo m'chaka chomaliza anasankha kulemba za masamu ofotokoza mmene chitsulo chimatamukira n'kubwerera, ndi mmene chimapindikira osabwereranso. Aphunzitsi ake anamuuza kuti masamu apapepala okha ndi nkhambakamwa, apeze miyezo yeniyeni ya chitsulo chenicheni kuti aone ngati zikugwirizana. Iye anakumbukira makope achikuto chakuda aja. Pa nthawiyo fakitale inali itayamba kulemba zonse pa kompyuta, makope akale anati atenthedwe, koma a Ziro anawasunga m'katoni pansi pa bedi. Mwana atawapempha, anakoka katoniyo, n'kupukuta kope lililonse ndi kansalu. Sabata yonse anauza aliyense wa pa fakitale, mpaka mlonda wa pa geti, kuti makope awo apita ku yunivesite.

Patapita miyezi inayi, Loweruka lina masana, Injiniya anabwera kunyumba ndi laputopu yake, nkhope ili ngwee. Amayi ake anali akusita zovala pakona ya pabalaza. Anakankhira pambali maluwa apulasitiki a pa tebulo, n'kuwakhazika bambo ake pampando.

"Valani magalasi, ababa. Lero muona ntchito ya manja anu."

Pa galasi la laputopu panaoneka ngowe, yokutidwa ndi timizere ngati ukonde. Mwanayo anafotokoza kuti waidula ngoweyo m'tizidutswa zikwizikwi, ndipo kachidutswa kalikonse wakapatsa masamu ake, onena kuti kakakokedwa mwakuti katamuka mwakuti, ndipo malire ake ali pakuti. Kompyuta imawerengera tonse pamodzi. Pomwe chitsulo chili m'kati mwa malire pamaoneka buluu, pomwe chapyola pamafiira.

"Aa, koma ana inu," anatero a Ziro, akupukusa mutu mokondwa. "Ife tinkachita kutuluka thukuta."

"Taonani tsopano. Apa yanyamula paipi, ntchito yake ya tsiku ndi tsiku." Ngowe inakhalabe ya buluu. "Apa ndi midadada isanu." M'kati mwa khota la ngowe munachita chikasu. "Yafika pafupi ndi malire, koma sinapyole. Ndiye apa ndi isanu ndi umodzi, monga munkachitira inu."

M'khota muja munatuluka kadontho kofiira, kukula kwake ngati nyemba.

"Mwaona? Apa yapyola. Katundu akatsika, ngowe yonse imabwerera, koma kofiirako sikabwerera konse. Ndiye nthawi iliyonse mukayeza, pakamwa pamatsala poyasama pang'ono. Masamu anga anandipatsa mzere uwu. Kenako ndinatenga timanambala tanu totsala tija, ta ulendo uliwonse, n'kumangowonkhetsa, ka lero pamwamba pa ka dzana. Ndi timadontho iti."

Panali mzere wokwera pang'onopang'ono, ndipo timadontho makumi anayi ndi tisanu ndi titatu tinakhala pamzerepo ngati mbalame pa waya wa magetsi. Palibe kamene kanasochera.

"Aphunzitsi anachita kuimirira, ababa! Akuti munthu amene analemba manambala awa anali wosamala kwabasi, sanaonepo miyezo yoyera chonchi. Ndinasankha ngowe imeneyi chifukwa ndi yokhayo imene munayamba kuilemba ili yatsopano." Mwanayo anaseka. "Koma pali chimodzi chikundisowetsa mtendere. Opanga ngowe zamtunduwu amati ikayasama mamilimita asanu ndi atatu kuchokera pomwe inali yatsopano, itayidwe. Iyi inafika pamenepo m'chaka chachisanu ndi chinayi. Koma kope lanu likupitirira mpaka chaka chakhumi ndi chiwiri, itadutsa mamilimita khumi ndi imodzi, kenako langoduka. Munaitaya liti kodi?"

A Ziro anavula magalasi.

"Ndi ngowe iti imeneyi, mwanangu?"

"Namba folo."

Pakona paja simbi inasiya kuyenda. Fungo la nsalu yopserera linadzaza pabalaza, koma amayi aja sanaichotse msanga. Injiniya anali ndi zaka khumi pamene ngozi inkachitika. Ankadziwa kuti bambo ake aang'ono anachita ngozi kuntchito, koma nambala ya kireni sinatchulidwepo m'nyumba imeneyo.

"Tseka chinthu chakocho," anatero amayi ake.

"Bwanji amayi? Ndalakwa chiyani?"

"Musiyeni," anatero a Ziro. Mawu awo anali atachepa. "Injiniya, koma inkabwereratu. Ndinkaona ndi maso anga. Muvi unkabwerera."

"Unkabwerera pa ziro wa tsiku limenelo, ababa. Mukabweranso pakatha miyezi itatu, munkapotoza wotchi n'kuyambanso ziro wina. Ziro woyamba uja munamusiya kutali, ndipo..." Anaima. Anayang'ana amayi ake, anayang'ana bambo ake, ndipo dzanja linapita pakamwa. "Mayo ine. Ndi ya bambo aang'ono?"

Mwanayo anayamba kulira, akulankhula mothamanga, kuti mwina masamu ake ndi olakwika, kompyuta nayo imanama, asankha ngowe ina, aphunzitsi sadziwa dzina la fakitale, afufuta zonse. A Ziro anangotambasula dzanja n'kupempha kope lawo.

M'mawa mwake anakhala pakhonde ndi pensulo. Za tizidutswa zikwizikwi sankazidziwa, koma kuwonkhetsa ankatha. Anawonkhetsa kuchokera pamwamba kutsika, anapeza khumi ndi imodzi ndi kanthu. Anawonkhetsa kuchokera pansi kukwera, chimodzimodzi. Kachitatu anawonkhetsa chaka ndi chaka, akupemphera kuti aphonye penapake. Kalanga ine! Samu yake inali ya mwana wa sitandade fili. Inakhala m'kabati mwawo zaka khumi ndi ziwiri, yolembedwa ndi dzanja lawo, n'kukagonanso zaka zina pansi pa bedi lawo lomwe. Pang'onopang'ono ndi mtolo, mwambi woti ngakhale mwana amaudziwa. Wotchi sinaname, zoonadi. Inkayankha chimene ankaifunsa, ndipo iwo ankaifunsa za tsiku limodzi lokha.

Chimene chinawalasa kwambiri chinali mdadada uja. Paipi sinapindepo ngoweyo. Midadada ya kampani sinaipinde. Unaipinda ndi wa mtima wawo uja, umene ankadziguguda nawo pachifuwa pamaso pa anzawo. Mng'ono wawo ali m'mwamba ankaona chitsulo chikuyasama chaka ndi chaka, ndipo anali yekhayo pa fakitale yonse amene ankakumbukira mmene ngoweyo inkaonekera ili yatsopano.

Lolemba anakagogoda kwa injiniya wamkulu, bambo wachinyamata amene anabwera pa fakitalepo ngozi ija itaiwalika kale. Anamuonetsa pepala limene mwana wawo anawasindikizira, la mzere ndi timadontho, n'kufotokoza zonse ataimirira. Munthuyo sanali woipa. Anamvetsera, nkhope inasintha, ndipo tsiku lomwelo anaimitsa makireni n'kuyeza ngowe zonse poyerekeza ndi zatsopano. Zitatu zinachotsedwa. Madzulo ake anawagwira dzanja a Ziro n'kuwauza kuti apulumutsa miyoyo.

"Nanga za mng'ono wanga, bwana?"

"Zotani, madala?"

"Kalata. Yonena kuti sanalakwe."

Injiniya wamkuluyo anakanda m'mutu. "Kalata yopita kwa ndani? Kampani ino yasintha eni kawiri. Amene anaweruza nkhaniyo, wina anamwalira, enawo sindiwadziwa n'komwe. Fayilo yake ndikhoza kufufuza, koma musayembekezere kanthu. Ndipo mukudziwa kuti ndikalemba kuti iye sanalakwe, ndiye kuti ndalemba kuti walakwa ndani? Mwatsala ndi miyezi iwiri kuti mupume, madala. Pumani bwino. Madzi akatayika saoleka."

A Ziro anabwerera ku kachipinda kawo n'kukhala pa mpando wamiyendo itatu uja. Kwa nthawi yoyamba anaona fumbi litagona pa tebulo, ndipo sanalipukute. Akanakonda akanawakalipira, kuwachotsa ntchito, kuwaitanira apolisi. Koma anthu ankadutsa pazenera n'kumawakwezera dzanja, ena akuti, "Mwagwira ntchito, a Ziro!" Chitamando chimenecho chinkawawawa kuposa mbama.

Lachiwiri lonse sanadye. Akazi awo anaika mbale patsogolo pawo, anaichotsa, kenako anakhala pansi moyang'anizana nawo.

"Mufa ndi njala kuti zithandize yani? Pitani mukamuuze mng'ono wanu."

"Ndikayambira pati?"

"Musandifunse ine. Ine ndakhala ndikumupatsira chakudya ndi malaya anu akale zaka zonsezi, inu osadziwa. Pomwe amakhala ndikupadziwa, ndikulozerani. Koma mupite nokha. Mwana musamutenge, wasenza kale zokwanira."

Lachitatu m'mawa anavala malaya oyera, anapinda pepala lija n'kuika m'thumba la pachifuwa. Anatsika basi pa mphambano n'kuyenda pakati pa milu ya matabwa akale, zitseko zopanda mahinjesi ndi malata adzimbiri. Anayamba kumva hamala asanamuone mwini wake. Mng'ono wawo anali pansi pa kamthunzi ka lata limodzi, atakhalira ndowa yovundikira, pakati pa miyendo pali chidutswa cha njanji. Kumanzere kunali chitini cha misomali yopindika, kumanja timilu ta yowongoka, tosanjidwa malinga ndi kutalika. Imvi zinali zitamuchuluka kuposa mkulu wake. Manja ankanjenjemera, koma akangogwira hamala ankakhazikika, ndipo msomali uliwonse unkawongoka ndi mikwapulo itatu basi. Dzanja lija linali lisanathe.

Anadzutsa mutu. "Achimwene. Kwagwanji? Alamu ali bwino?"

"Ali bwino. Kulibe maliro."

"Nanga?"

A Ziro anakhala chonjuta, mawondo akulira. Anatulutsa pepala n'kulitambasula pa njanji paja. Anafotokoza za wotchi, za ziro, za mdadada wachisanu ndi chimodzi, za timadontho ta Injiniya. Sanadzichepetsere mlandu ngakhale pang'ono. Pomaliza anati, "Sunatsomphole, mphwanga. Ngowe inali itayasama, monga unanenera. Ndinaiyasamitsa ndine. Munthu uja ndinamupha ndine."

Mng'ono uja anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. Kenako analisunthira pambali, anatenga msomali wina m'chitini n'kuuwongola.

"Ayi," anatero. "Ndinatsomphola."

"Sunatsomphole! Manambala ndi awa."

"Ndinatsomphola, achimwene. Ndimakumbukira." Ankalankhula modekha, ngati akunena za mvula ya chaka chatha. "Zaka ziwiri zoyamba ndinkauza aliyense kuti sindinalakwe. Kumowa, pa basi, paliponse. Onse ankandiyankha chimodzi: iwe, m'bale wako weniweni wakukana, ndipo mkulu uja sanama. Chaka chachitatu ndinayamba kudzifunsa kuti kodi ine ndine yani kuti nditsutse achimwene ndi wotchi yawo. Ndiye ndinayamba kukumbukira. M'mawa umene uja ndinali nditakangana ndi mayi a ana. Mtima unali m'mwamba. Ndimaliona dzanja ili likukoka chogwirira mwaukali. Ndimaliona tsiku lililonse, ndikangotseka maso."

"Zimenezo sizinachitike."

"Kwa inu." Anaika msomali pa kamulu kake. "Chaka chachisanu ndinapita kwa mkazi wa malemu uja. Ndinagwada pakhomo pake, ana ake akuonerera, n'kunena kuti amuna anu ndinawapha ndine, mundikhululukire. Anandithira madzi otsukira mbale. Ndinati ndi bwino, ndiyenera. Ana anga ndinawauzanso chimodzimodzi, kuti asamadane ndi mayi awo chifukwa chondisiya. Wamkulu uja anakwatira chaka chatha, ndinamva kwa anthu. Nanga amayi athu? Munalipo inu. Tsiku lomaliza lija m'chipatala anandigwira dzanja n'kunena kuti, mwananga, Mulungu amakhululukira ngakhale wakupha. Anapita akudziwa zimenezo. Pepala lanuli mukawawerengera kumanda?"

A Ziro misozi inali ikutsika, yosapukuta. Anafuna kunena chinthu, chilichonse, ndipo pakamwa panatuluka mawu amene lilime linazolowera zaka makumi atatu ndi zinayi.

"Mphwanga, tiyambe..."

Anadziluma. Koma mng'ono wawo anali atamva. Anaseka, kuseka kouma kopanda mano akutsogolo, mpaka kunasanduka chifuwa.

"Malizitsani, achimwene. Tiyambe pati?"

Magalimoto ankadutsa, fumbi likuwagwera onse awiri. Chapatali wina ankagwetsa matabwa pa lole.

Panafika mayi wina atanyamula thumba la simenti lopanda kanthu, n'kunena kuti akufuna misomali ya mainchesi atatu yokhomera khola la nkhuku. Mng'ono uja anatapa dzanja limodzi pa kamulu, n'kuyang'ana uku ndi uku kufuna chokulungira. Nyuzipepala zake zinali zitatha. Anatenga pepala lija pa njanji, mzere wa Injiniya ndi timadontho tonse makumi anayi ndi tisanu ndi titatu, analipinda ngati fanulo, anathiramo misomali n'kupotokola kukamwa kwake.

"Mukhome mwaulemu, mayi," anamuuza. "Yowongola imaoneka bwino, koma mukailimbitsira dzanja imapindika pomwe paja."

Mayiyo anapita ndi kaphukusi kake. A Ziro anali adakali chonjuta, miyendo itachita dzanzi, akudikira. Akanalandira chilichonse, chitonzo, malovu, ngakhale hamala ya pamutu. Mng'ono wawo anatenga msomali wina, anauika pa njanji, kenako anawayang'ana mmene munthu amayang'anira mlendo amene waima nthawi yaitali pa malonda ake.

"Nanga inu, bambo," anatero, "mukufuna ya mainchesi angati?"